Maiki akulira Lamlungu lililonse, kodi mikisa yafa?

Mnyamata wa ku Mtendere:
Moni akuluakulu. Ndapatsidwa ntchito yoyang'anira zokuzira mawu kutchalitchi kwathu kuno ku Mtendere, poti amene ankazigwira anasamukira ku Chipata. Anangondisiyira kiyi wa kabati, osandionetsa ngakhale kabatani kamodzi. Tili ndi mikisa ya Yamaha ya matchanelo 12, ampu imodzi, masipika awiri aakulu, monitor imodzi (sipika imene oyimba amadzimvera), maiki atatu a SM58, maiki awiri opanda chingwe ndi kiibodi. Tchalitchi n'chamalata, chopanda siling'i, pansi simenti.

Lamlungu lapitali abusa atangoti "Tipemphere", sipika inalira kwiiii mpaka khanda lina kumbuyo linayamba kulira nalonso. Mpingo wonse maso pa ine. Ndikatsitsa, akumbuyo akuti sakumva. Ndikakweza, kulira. Palinso kaphokoso ka hmmm kamene kamayamba tikangolumikiza kiibodi. Akomiti akuti tisonkhe ndalama tikagule mikisa ina m'tauni. Ndivomere?

Mdala wa Zingwe:
Mphwanga, ndalama za mpingozo zisungeni kaye. Ndamanga zida m'maukwati ndi m'maliro kuyambira ku Matero mpaka ku Chawama, koma mikisa yolira yokha sindinaionepo. Kulirako ndi mawu amene atuluka m'sipika n'kubwereranso m'maiki, ndiye amangozungulira akukula. Masipika ako ali pati? Ndikhulupirira ali pakhoma kumbuyo kwa guwa, paja anthu amakonda pamenepo kuti azioneka bwino. Atsitse, uwaike kutsogolo pa sitandi, apitirire mitu ya anthu, ndipo maiki onse atsalire kumbuyo kwawo. SM58 imamva kutsogolo, kumchira kwake ndi gonthi, choncho monitor ikhale pansi kumene kwaloza mchirawo.

Tsopano gain, kabatani kapamwamba penipeni pa tchanelo, kamene kamakweza mawu a maiki akamalowa m'mikisa. Anyamata ambiri amakapotokola mpaka kumapeto, fader (kokankha kam'munsi kokwezera ndi kutsitsira mawu a tchanelo) n'kuisiya pansi, ndiye ukangoikhudza pang'ono nyumba yonse yalira. Loweruka pa pulakatisi tsitsa fader, dina PFL (kabatani koonetsa mawu a tchaneloyo pa mita), umuuze woyimbayo ayimbe mmene amayimbira nyimbo ikamulowa m'magazi, osati "one two, one two" wamanyazi uja. Kweza gain pang'onopang'ono mpaka timagetsi ta mita tizifika pa 0, kofiira kasayake. Ukatero bweretsa fader cha pa 0, osakhudzanso gain. Pa maiki onse a anthu dina HPF. Imadula mawu a pansi pa 80 Hz, kumene kulibe liwu la munthu, kuli kugunda kwa mapazi ndi mphepo ya m'kamwa basi. Maiki amene palibe akuwagwiritsa ntchito atseke, chifukwa maiki aliwonse otsegula akumvetsera sipika.

Poyatsa, mikisa iyambe, ampu itsirize. Pozimitsa, ampu iyambe. Malaiti akapita pakati pa ulaliki, thamangira kuzimitsa ampu jenereta isanalire, apo ayi tsiku lina udzamva phuu, tweeter, kasipika ka mawu okwera, yapita.

Amai a Kwaya:
Amdala anena zoona, koma ifenso oyimba tili ndi mlandu. Atsikana athu a praise team amafumbata mutu wonse wa maiki ngati akubisa chimanga chootcha, akuti ndiye sitayilo. Ukatseka kumbuyo kwa mutuwo, maiki amayamba kumva mbali zonse, ndipo kulira sikuchedwa. Ena amawagwirira pamimba, kenako n'kumakodola mnyamata wa mikisa kuti akweze. Akweze chiyani? Ife tinaphunzitsidwa kusiya mpata wa zala ziwiri pakati pa mlomo ndi maiki, dzanja pa chigwiriro. Ndipo mwana wanga, usamvere aliyense wonena kuti "ndikwezereni m'monitor". Tonse timafuna kudzimva kuposa mnzathu, ine ndemwe.

Wa Kiibodi ku Chelstone:
Za hmmm zija ndiyankhe ine. Ndi 50 Hz ya magetsi athu imene ikulowa m'mawu. Kawirikawiri kiibodi imakhala pa soketi ina, mikisa pa ina, pakati pali chingwe chachitali cha jack. Yambani mwaika zonse pa soketi imodzi. Kaphokosoko kakapitirira, pezani DI box, kabokosi kolumikizira kiibodi ku mikisa: jack yaifupi kuchoka pa kiibodi, kenako chingwe cha XLR (ngati cha maiki) mpaka pa mikisa, n'kuyesa kabatani ka ground lift ka pa DI pomwepo. Chonde musadule earth pa pulagi ngakhale wina akuuzeni kuti ndiye mankhwala ake, munthu adzagwidwa ndi magetsi pamlomo. Kabatani ka 48V ka pa mikisa, kotumiza magetsi ku maiki, kasiyeni kozima, SM58 safuna zimenezo, n'za maiki a condenser ndi DI ya active.

Pamene ndisiyana pang'ono ndi amdala ndi apa: m'nyumba ya malata ndi simenti mawu amanjanja ngati mpira, gain yokha siithetsa zonse. Kwathu zinasintha titapachika makatani okhuthala pakhoma lakumbuyo. Dziwaninso kuti tchalitchi chopanda anthu Loweruka chimamveka mosiyana ndi chodzaza Lamlungu.

Mnyamata wa ku Mtendere:
Zikomo nonse. Amdala, munalota: masipika anali kumbuyo kwa guwa, ndipo gain ya maiki a abusa ndinaipeza ili kumapeto, yomatidwa ndi selotepi. Dzulo mapemphero onse atha popanda kwiii, ngakhale azimai okongoletsa akudandaula kuti sitandi ikubisa maluwa. Hmmm wachepa, sanathe, DI ndikafunafuna malipiro akatuluka. Chatsala n'chimodzi: abusa akatenthedwa ndi uthenga, maiki amatsikira pamimba, nthawi zina amaloza nawo mpingo. Ine mwana wa dzulodzuloli ndikawauze bwanji?

Amai a Kwaya:
Usawauze iwe. Kanong'oneze amai busa, Lamlungu likubwerali udzaona maiki ali pakamwa.