Nyumba ya ku 49 yandikanika, wachitatu wathawa lero

Achemwali a ku 49: Anzanga thandizeni, ndatopa. Ndine ejenti, ndikugulitsira munthu nyumba ya 3 bedroom ku Area 49 ku Lilongwe, master ensuite, matailosi, mpanda wanjerwa, boys' quarter kuseli. Kasitomala wachitatu wandithawa lero. Woyamba anati msewu, wachiwiri anangosiya kuyankha foni, walero anafika mpaka popempha kope la deed (chikalata cha umwini wa nyumba), atapita nalo kwa loya wake basi ziii. Mwininyumba akundiimbira kawiri pa tsiku, mafuta ndikuthira ndine. Ndikulakwitsa pati?

Madala Dobadoba: Mtengo. Auzeni atsitse.

Nankhoma: Deed ili m'dzina la ndani?

Achemwali a ku 49: La malemu bambo awo. Akugulitsa ndi mwana woyamba.

Nankhoma: Ndiye loyayo sanalakwe achemwali. Nyumba yamasiye popanda letters of administration (pepala la kukhoti lopatsa munthu mphamvu yoyendetsa chuma chamasiye) simungasinthe dzina ku Lands, ku Unduna wa za Malo. Ine zinandionekera. Deposit italowa, kunatulukira mayi wina ali ndi ana awiri, akuti nawonso ndi a malemu. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 silisankha kuti mwana anabadwira m'banja kapena kunja, onse ali ndi gawo. Komishoni ndinali nditadya kale, ndinachita kukongola kuti ndibweze. Musalandire ngakhale tambala musanaone pepala la kukhoti, ndipo abale onse mukumane nawo maso ndi maso, osati pa foni.

Madala Dobadoba: Mapepala ndi ntchito ya maloya. Mtengo ukakhala wabwino munthu amadikira mapepala ngakhale chaka.

Che Wa Limbe: Madala, kuno ku Blantyre zimenezo zinatha ndi namondwe Freddy. Chichitikireni za ku Chilobwe mu Marichi 2023, funso loyamba ndi loti madzi a mvula amadutsa pati. Ndinali ndi nyumba ina m'munsi mwa phiri, mwiniwake anaipaka penti yatsopano kuchokera pansi kulekeza m'mawondo. Bambo wofuna kugula anali atagwa nayo kale, akuyeza ndi mapazi poimika galimoto. Mayi ake a kunyumba anangolowa kuchipinda, kutsegula wadiropu, kununkhiza, kenaka kukanda khoma ndi chikhadabo. Pulasitala anangoyoyoka ngati ufa. Sanayankhule kanthu, anangokakhala m'galimoto. Penti yatsopano ya m'munsi mokha imaulula chinyezi kuposa khoma lakuda. Achemwali, yanuyo ili kutali bwanji ndi Lingadzi?

Achemwali a ku 49: Ili kumtunda, madzi safika. Koma msewu wake nthawi ya dzinja ndi phala, sindikana.

Madala Dobadoba: Msewu wamatope uli ndi mtengo wake. Ndimanena zomwezi.

Mphwanga Valuer: Chimene ndimaona ine, ogula amasunga ndalama ya nyumba yokha, ndendende. Saganizira stamp duty (msonkho wa boma posintha umwini), loya, valuation ya ku banki (kuyeza mtengo wa nyumba), consent (chilolezo) ya ku Lands poti malowo ndi a lease, obwereka ku boma. Kenaka mukafufuza mupeza ground rent (lendi ya malo ya ku boma) ndi city rates (msonkho wa ku khonsolo) sizinalipidwe zaka zingapo, mwiniwake akuti alipire wogula, wogula akuti si ngongole yanga. Malonda amafera pamenepo. Ena amati tidzakonza pang'onopang'ono, osadziwa kuti kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023 simenti ndi malata zinakwera nazo. Denga lodyedwa ndi chiswe lero si nkhani ya masewera. Ndipo septic tank muziionetsa, ndinaonapo soak pit itakumbidwa m'puloti ya neba.

Nankhoma: Za neba mwandikumbutsa. Musamapite ndi kasitomala Lachiwiri m'mawa pokha. Wanga wina anabwerera yekha Lachisanu usiku osandiuza, anakapeza bala ya kuseli ikuphulitsa nyimbo, uku tchalitchi cha overnight. M'mawa mwake anangonditumizira voice note ya phokosolo, osawonjezapo liwu.

Che Wa Limbe: Nanga ya pafupi ndi manda? Ine ndinasiya kubisa. Akadzamva kwa amayi a pa mpopi kuti munafera munthu m'nyumbamo, wabodza umakhala iwe.

Madala Dobadoba: Ine ndinagulitsapo yoyang'anana ndi manda, mlungu umodzi. Chifukwa chiyani? Mtengo.

Mphwanga Valuer: Madala, banki sipereka mortgage (ngongole yogulira nyumba) nyumbayo ili m'dzina la malemu, ngakhale mutsitse mpaka theka.

Madala Dobadoba: Wa cash alipo. A ku Joni aja safunsa zambiri.

Nankhoma: A ku Joni omwewo ndi amene amatumiza mlamu wawo kudzakukoka malaya pa ofesi zikavuta. Achemwali, afunseni kaye ana enawo ngati akudziwa n'komwe kuti nyumba ili pa msika.

Che Wa Limbe: Koma mafutawo mukuthira nokha bwanji? Viewing fee, ndalama yokaonera nyumba, simulipiritsa?

Mphwanga Valuer: Viewing fee ndi imene ikutiipitsira mbiri. Anthu akuona ngati tonse ndife akuba.

Che Wa Limbe: Inu mumalandira zanu ku banki mphwanga, ife tikayenda ulere tidya chiyani? Dzulo lomweli wina wandizungulitsa Machinjiri yense, nyumba zinayi, pomaliza akuti amangofuna kuona mapulani oti akamangire kwawo.