Thandizeni: mpando wa muofesi wokwana munthu wamtali, wopiriranso kutentha kwa kuno kuchigwa

Wofunsa, wa ku Nchalo:
Akuluakulu, moni nonse. Ndabwera ndi nkhani ya mpando, ndipo amene mukuidziwa bwino chonde ndithandizeni, msana wandifika pena.

Ndimagwira ntchito ya ukalaliki pa ofesi ina yaing'ono kuno ku Nchalo. Kuyambira m'mawa mpaka poweruka ndimakhala pa kompyuta, kulowetsa maina a alimi, makilogalamu ndi malipiro awo. Msinkhu wanga ndi masentimita 193. Mpando umene ndimakhalira ndi wakuda wozungulira uja, wokutidwa ndi chikopa chosakhala chenicheni. Ngakhale ndiukweze mpaka pothera, mawondo amakhalabe pamwamba kuposa chiuno. Pokhalira pake m'paafupi, pamathera pakati pa ntchafu, ndiye thupi lonse limalemera pamalo amodzi. Chotsamira mutu chimene anzanga amachiyamikira chija, ine chimandigunda pakati pa mapewa n'kumandikankhira kutsogolo. Ikamati 2 koloko masana chiuno chimakhala chikuwotcha, ndipo poimirira ndimayamba ndagwira tebulo kuti ndiwongoke.

Ndiye palinso kutentha. Kuno Okutobala ndi Novembala kumafika madigiri 40 n'kupitirira. Magetsi akathima fani n'kuima, malaya amamatirira kuchotsamira. Chikopacho chinayamba kale kusupuka, tizidutswa takuda timatsalira pa thalauzi.

Abwana avomera kugula wina, koma anenetsa kuti ndi kamodzi kokha, ndisankhe ndekha. N'chifukwa chake ndikuopa kuphonya. Ndikakwera ku Blantyre ndikayang'ane chiyani kwenikweni? Ya neti ija imalimba? Kapena ndingopita kwa kalipentala andikhomere wa muyeso wanga? Aatali anzanga, inu munatani?

Mayi wa ku Ngabu:
Pepani achimwene. Chikopa chimenecho kuno ayi ndithu, kuofesi kwathu yonse inasupuka chimodzimodzi. Thukuta ndi kutentha ndi zimene zimachidya.

Bambo amene anagulitsapo mipando ku Limbe:
Achimwene, ndikuuzeni zimene ndinkaona m'shopu. Munthu wamtali akalowa, amathamangira mpando waukulu wa mabwana uja, poganiza kuti poti ndi waukulu umukwana. Yambiri yotero ndi yotakata m'mbali chabe, koma kuchokera pansi ndi chimodzimodzi ndi ing'onoing'ono ija. Yambiri yobwera m'makatoni imayambira pa masentimita cha m'ma 42 n'kuthera cha m'ma 52, ina sifikako n'komwe.

Musanakwere minibasi, bwerekani tepi kwa telala. Muvale nsapato zimene mumapita nazo kuntchito, mukhale pa chinthu cholimba, mapazi aponde pansi bwinobwino, ntchafu zigone mowongoka. Wina akuyezeni kuchokera pansi kufika kuseri kwa bondo. Pamenepo ndi pamene payenera kufika pokhalira. Kenako ayeze kuchokera kumbuyo kwenikweni, pamene thupi limakhudza khoma mukatsamira, kufika kuseri kwa bondo komweko. Pa nambala imeneyo muchotsepo masentimita 5, tinene zala zitatu, chifukwa mlomo wa mpando suyenera kudinikiza kuseri kwa bondo, mumadutsa mitsempha. Muyezenso kuchokera pokhalira kufika paphewa, ndi kufika pachigongono mkono mutaupinda. Nambalazo mubwere nazo pano.

Wofunsa:
Zikomo bambo. Mayi akunyumba anandiyeza dzulo madzulo. Pansi kufika kuseri kwa bondo 53. Kumbuyo kufika kubondo 56. Phewa 66, chigongono 26. Wa kuofesi uja ndauyeza lero: ukakwera mpaka pothera ndi 48, koma ndikakhalapo siponji imaphwa n'kutsika kufika 45. Pokhalira ndi 43 basi.

Bambo wa ku Limbe:
Ndiye mwadzionera nokha. Mukukhala motsika ndi masentimita 8, ndipo ntchafu zikusowanso 8 wina pogonera. Msana ukanapirira bwanji?

Mukufuna mpando wofika 53 inu mutakhalapo, osati uli wopanda munthu. Ndiye pakatoni pakhale 55 kapena kuposa. Pokhalira pakhale 50 kapena 51, ndipo apa ndi pamene mudzavutike kwambiri, chifukwa yambiri imathera cha m'ma 45. Mufunse ngati ali ndi umene pokhalira pake pamasuntha kupita kutsogolo, pakatoni amalemba seat slider. Kachotsamira ka m'chiuno kakhale kotheka kukweza ndi kutsitsa, kafike pamene pamadutsa lamba wa thalauzi. Chotsamira chachikulu chifike pamapewa. Cha mutu chija ngati sichikufika pakhosi, bola kuchimasula, chambiri chimagwidwa ndi masikuluwu awiri okha. Poika mikono pakhalenso pokwera, apo ayi mudzakhala mukupendekera mbali imodzi kufuna potsamira.

Koma pali china chimene simunatchule: tebulo. Matebulo ambiri a muofesi amakhala 73 mpaka 76. Inu mukakhala pa 53 n'kuwonjezera 26 wa chigongono, lanu liyenera kukhala cha pa 79. Ndipo ngati lili ndi dilowa pakati, ntchafu sizilowa. Ndaonapo anthu aatali atagula mpando wabwino, kufika nawo kuofesi n'kuutsitsanso kuti mawondo alowe kunsi kwa tebulo. Ndalama yonse ija n'kupita pachabe.

Wofunsa:
Dilowa ilipo bambo, ndipo ndi imene imandikala mawondo. Tebulolo ndi 74.

Kalipentala wa cha ku Dyeratu:
Bwana, sindikutsatsa malonda, ndingoikapo maganizo a mmisiri. Ya m'makatoniyo ikathyoka kunsi kumene kuli miyendo isanu kuja, ngati ndi ya pulasitiki, ife palibe chimene tingachitepo. Wa matabwa tikhoza kutsata nambala mwaperekazo mpaka pa sentimita. Mlombwa ndi mbawa ndi mitengo yolimba, chiswe sichilowa msanga, kungoti masiku ano ikusowa ndipo ndi yodula. Malaina ouma bwino amagwira ntchito. Ndikuti ouma, chifukwa thabwa laliwisi ndi kutentha kwa kuno limapindika, majoini n'kumasuka. Kumsana osakhoma thabwa lathunthu, mupatse oluka aluke kuti mpweya uzidutsa. Chotsamira ine ndimachigonekera kumbuyo pang'ono, chilili chimatopetsa.

Mayi wowerengera ndalama ku Nsanje Boma:
Amisiri, ulemu wanu, koma pamenepa ndikutsutsaniko. Bambo akunyumba kwathu ndi aatali ngati achimwenewa, ndipo tinawakhometsera wa matabwa wa muyeso wawo. Ndi wokongola, mpaka pano ulipo, podyera nsima amakhalira womwewo. Koma kukhalapo maola 8 akulemba, analephera. Munthu wa pakompyuta amatembenuka kutenga fayilo, amatsamira kumbuyo poyankha foni, amaseseleka kupita ku pulinta. Mpando wosayenda umamuumiriza kukhala mkhalidwe umodzi tsiku lonse, ndipo msana umadana ndi zimenezo ngakhale muyeso ukhale wolondola. Ine ndikuti mpando agule wozungulira wokhala ndi chotsamira chogonekera kumbuyo, inu amisiri mugwire ntchito ya tebulo.

Ndipo achimwene, mukakwera chonchi sikirini idzatsala m'munsi. Mzere wa pamwamba wa sikirini uzilingana ndi maso anu. Ngati ndi laputopu, ikwezeni pa mapaketi a mapepala n'kulumikiza kiyibodi yapadera, apo ayi ululu udzangosamuka m'chiuno kupita m'khosi.

Kalipentala:
Mwanena zoona mayi, pamenepo sinditsutsa. Tebulo ndiye silivuta. Kuchotsa dilowa ya pakatiyo ndi thabwa loigwira, kenako kudula timatabwa tinayi ta masentimita 5, kutigoba pang'ono pamwamba kuti mwendo wa tebulo ukhale m'katimo usaterereke. Njerwa musaike, zimanyenyeka ndipo tebulo limagwedera.

Makaniko wa pa Bangula:
Madala, ngati mutapeza mpando wokukwanani bwino pokhalira ndi kumsana koma n'kuperewera kutalika kokha, musausiye. Chitsulo chokwezera chija, chimene amati gas lift, chimasinthidwa. Pa mipando yambiri kukula kwake m'mimba ndi kofanana, kunja mamilimita 50, chimangosiyana utali. Sichimangidwa ndi bawuti, chimangolowa mothina, ndiye pochotsa mumagoneka mpando, kugwira ndi bobojani n'kupotokola, kunsi kuja kumenya ndi hamala mozungulira. Pogula muone chodindidwa Class 4, ndicho cholimba kuposa Class 3. Mukakweza kwambiri onetsetsani kuti miyendo isanu ija ndi yotambalala, ndipo bola ikhale yachitsulo, chifukwa munthu wamtali akatsamira kumbuyo pa mpando wa miyendo ifupiifupi amagudubuka nawo.

Chimodzi chokha ndikuchenjezeni, ndipo izi ndikuuza aliyense pano. M'katimo muli mpweya wa nitrogen wopanikizidwa kwambiri. Musalole munthu awotcherere, abowole kapena aike pamoto chitsulo chimenecho pofuna kuchitalikitsa. Chikhoza kuphulika. Chikayamba kumatsika chokha, dulani paipi ya pulasitiki pa muyeso mukufunawo muveke pa kachitsulo konyezimira kaja, mpando uima pamenepo mpaka mutapeza china.

Mayi wa ku Ngabu:
Ndibwererenso pa za neti, poti munafunsa. Kumsana neti ndi yabwino kwambiri, fani ikamazungulira mumaimva mphepo ikudutsa. Koma pokhalira pa neti yotchipa ine sindingakulimbikitseni. Imatamuka, munthu n'kumira, ndiye chimango cha kutsogolo chija chimayamba kudula ntchafu, makamaka inu a miyendo italiitali. Tengani wa neti kumsana, pokhalira siponji yolimba yokutidwa ndi nsalu. Poyesa siponji dinikizani ndi chibakera: mukamva thabwa kunsi, isiyeni. Fumbi la chilimwe limadzaza m'timabowo ta neti, ife timangopukuta ndi kabulashi ndi kansalu konyowa Lachisanu poweruka. Timatayala natonso muzitichotsa mchenga ndi ulusi, pasimenti timauma msanga.

M'bale wa ku Makhanga amene ali ku Johannesburg:
Kuno makampani akamatseka kapena kusamuka amagulitsa mipando yogwiritsidwapo kale ntchito. Ulipo wina wa kampani ya Herman Miller wotchedwa Aeron, umapangidwa m'masaizi atatu, A, B ndi C, ndipo C ndi wa anthu aatali ndi ojintcha. Neti yake ndi ina, simatamuka ngati yotchipa ija. Koma ndisakunamizeni achimwene, ngakhale wakale ndi wodula, ndiye muwonjezere wonyamulira ndi msonkho pa Mwanza. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zoitanitsa kunja zinafika pena. Vuto linanso ndi loti mugula musanakhalepo. Kwa inu ndingati yambani mwazungulira m'mashopu a ku Limbe ndi ku Ginnery Corner, mufunsenso kumene mabungwe amagulitsa katundu wakale wa muofesi.

Namwino, wa ku Chikwawa:
Achimwene, zonse anena anzangawa ndi zothandiza, koma ndiikepo za thupi. Mpando ngakhale ukhale wokwana chotani, muziimirira pakatha mphindi 30 kapena ola, kuyenda pang'ono, kuwongola msana. Botolo la madzi likhale pafupi, kutentha kwathu kuno thupi limauma munthu asanamve ludzu.

Chachikulu ndi ichi. Ngati ululu ukutsikira kumwendo, kapena mukumva dzanzi kuphazi, kapena mwendo ukufooka, musadikire mpando watsopano, pitani kuchipatala. Chimodzimodzi ngati ukubwera ndi kutentha thupi, kupweteka pokodza kapena magazi mumkodzo, poti kuno likodzo ndi losasowa ndipo si ululu wonse wa m'chiuno umene umachokera pokhala. Muli pafupi ndi chipatala cha Montfort, kapena mubwere kuchipatala cha boma ku Chikwawa. Akaona kuti m'pofunika adzakutumizani kwa a mafizo, iwo adzakuphunzitsani zolimbitsa minofu ya pamimba ndi kumsana.

Wofunsa:
Takhuta nonse, mwandithandiza kwabasi. Anamwino, dzanzi palibe ndipo kumwendo sukutsikira, koma ndipitabe akandione sabata ino. Abwana ndawaonetsa nambala zija, avomera kuti kalipentala achotse dilowa ndi kukweza tebulo, ndalama yake ndi yochepa. Mpando ndikafuna wa neti kumsana, nsalu pokhalira, wofika 55, pokhalira 50, miyendo yachitsulo.

Funso lotsala: m'mashopumo amalola munthu kukhalapo nthawi yaitali, kapena amangoti onani ndi maso? Nanga pobwera nawo kutsika mapiri aja mpaka pa Thabwa, ndiutenge womanga kale kapena wa m'katoni?

Bambo wa ku Limbe:
Amalola, ndipo amene akukanizani kukhalapo tulukani mupite kwina. Mupite ndi tepi yanu, musadalire zolembedwa zokha. Mukhalepo mphindi 15 kapena kuposa, chifukwa poyamba mpando uliwonse umakoma. Mukankhire thupi kumbuyo mpaka likhudze chotsamira, muike zala kuseri kwa bondo, mutsamire mwamphamvu mumve ngati timatayala ta kutsogolo tikunyamuka. Muwerengenso makilogalamu amene mpandowo umanyamula, yotchipa yambiri amalemba 100 kapena 120.

Ulendo woyamba mungotenga quotation (pepala loonetsa mtengo) yolembedwa dzina ndi nambala ya mpandowo, kuti a kuofesi asakagule wina wongofanana nawo. Pa lisiti alembepo za chitsimikizo, makamaka cha gas lift. Ponyamula tengani wa m'katoni. Womanga kale akaumangirira kumbuyo kwa minibasi pamodzi ndi matumba, chingwe chimang'amba neti ndipo ndodo yokwezera imapindika. Katoniyo mutsegule m'shopu momwemo, muwerenge timatayala tisanu, masikuluwu ndi kasipanala kake, ndipo muone ngati chitsulo chokwezera chili chofanana utali ndi cha umene munayesa uja, chifukwa nthawi zina zimasiyana ngakhale mpando uli umodzimodzi.