Mankhwala a dzanzi ndi ofooketsa minofu: kodi amathandizana?

Wophunzira:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikuphunzira zogonetsa odwala pa opaleshoni. Wodwala wina wa opaleshoni ya m'mimba anali ndi epidural (jekeseni wa dzanzi wa pamsana) ya bupivacaine, ndipo analandiranso vecuronium, mankhwala ofooketsa minofu, pa mlingo wa masiku onse. Titamaliza kusoka, makina a TOF (oyeza ngati minofu yabwerera mphamvu) atagunda kanayi, chala chachikulu chinangogwedezeka kawiri. Aphunzitsi anati tidikire, chubu chopumira chisachotsedwe. Kodi bupivacaine ndi amene anachedwetsa minofu? Nanga si amagwira pamene wabayidwa pokha?

Mlongo wa ku thiyeta:
Zimatheka, mng'ono wanga. Mankhwala a epidural sathera pamsana, ena amalowa m'magazi n'kukafika pamene mtsempha wonyamula mauthenga umakumana ndi mnofu. Kumeneko amachepetsa acetylcholine amene mtsempha umatulutsa pouza mnofu kuti ugwire ntchito, komanso amatchinga timabowo timene acetylcholine amatsegula pa mnofu. Vecuronium amakhala atalanda kale malo a acetylcholine, ndiye awiriwo amakankhira mbali imodzi. Komabe pa mlingo woyenera kuchedwako kumakhala kochepa. Ine ndikaona minofu yachedwa, ndimayamba ndafunsa izi, poti zonsezi zimatha kuchedwetsa minofu: walandira magnesium kapena gentamicin? Mpweya wogonetsa wa isoflurane watsekedwa liti? Thupi lazizira? Chiwindi ndi impso zili bwanji? Makamaka magnesium, ameneyo musamuderere.

Bambo wa zogonetsa:
Ndiwonjezerepo. Procaine, chloroprocaine ndi tetracaine ndi mankhwala a dzanzi a gulu la ester, amaphwanyidwa m'magazi ndi enzayimu ya plasma cholinesterase. Enzayimu yomweyo ndi imene imaphwanya suxamethonium (sux) ndi mivacurium, omwe ndi ofooketsa minofu, choncho akakumana amalimbirana, ndipo sux akhoza kutenga nthawi yoposa mphindi zake zochepa zija. Lidocaine ndi bupivacaine ndi a gulu la amide, iwo amakaphwanyidwa ku chiwindi.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi china. Bupivacaine akachuluka m'magazi, munthu wodzuka amadandaula dzanzi kukamwa, kulira kwa m'makutu, kenako amagwedezeka ngati wa khunyu. Wogonetsedwa sadandaula, ndipo wofooketsedwa minofu sagwedezeka ngakhale ubongo uli pa moto. Chizindikiro choyamba chimaonekera pa mtima: QRS (mzere wa kugunda kwa mtima pa makina a ECG) kutambasuka, BP kugwa. N'chifukwa chake ndimawerengera mlingo wonse ndisanabaye, bupivacaine osapyola 2 mg/kg, ndipo ndimaonetsetsa kuti lipid emulsion ya 20% (mankhwala amafuta othandiza bupivacaine akachuluka m'magazi) ili pafupi. Poyambira timapereka 1.5 ml/kg.

Wophunzira:
Zikomo kwambiri nonse. Ndayang'ananso pa tchati: magnesium sanalandire, koma thupi linali litazizira, komanso anapatsidwa gentamicin opaleshoni isanayambe. Ndiye chubu timachotsa pati? Kudzutsa mutu kwa masekondi 5 sikukwanira?

Mlongo wa ku thiyeta:
Sikukwanira ayi. Munthu amatha kudzutsa mutu pomwe minofu ya kukhosi ikadali yofooka, kenako n'kutsamwa. Mufunditseni atenthe, perekani neostigmine wobwezera minofu mphamvu chala chikayamba kugwedezeka bwinobwino, kapena sugammadex ngati alipo, poti amagwira vecuronium ndi rocuronium. Chubu chichoke TOF ratio (mphamvu ya kugwedezeka kwachinayi poyerekeza ndi koyamba) ikafika 0.9.