Ndidziphode bwanji kuti nkhope isasungunuke Loweruka madzulo?

Wofunsa (membala wobisa dzina):
Moni nonse amayi ndi abambo a pagulu pano. Ndapempha oyang'anira gulu kuti andibisire dzina chifukwa alamu anga alinso momwemuno. Loweruka likudzali kuntchito kwa amuna anga kuli mwambo wa chakudya chamadzulo wotsekera chaka ku hotela ina kuno ku Lilongwe, ndipo aka n'koyamba kuti anditenge m'zaka 9 zomwe takhala m'banja, ngakhale kuti anzawo amatenga akazi awo chaka ndi chaka, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Ine sindinazolowere kudziphoda kupatula kaphaudala ndi mafuta a pamilomo popita kutchalitchi. Ndinayesapo kamodzi pa ukwati wa mng'ono wanga mu October chaka chatha, ndipo pofika nthawi ya perekaniperekani nkhope inali itasungunuka, zakuda za m'maso zitatsikira m'masaya, mpaka alamu anga omwewa anandijambula n'kuponya chithunzicho pa gulu la banja la WhatsApp. Kuwonjezera apo, telala amene ndinamupatsa nsalu masabata 3 apitawo sakuyankhanso foni, ndipo ndalama yomwe ndinasungira wondidzoletsa ndinabwereketsa mnzanga wa ku banki mkhonde amene tsopano akundizemba. Choncho ndiyenera kudzikonza ndekha. Ndiyambe ndi chiyani n'kumaliza ndi chiyani kuti nkhope ikhale bwino kuyambira 6 koloko madzulo mpaka pakati pa usiku m'kutentha kwa November kuno?

Wodzoletsa akwati wa ku Area 25:
Achemwali, za telala ndi za banki mkhonde tamva, koma simunatiuze chinthu chomwe chimalamula zonse: khungu lanu limatuluka mafuta kapena ndi louma, nanga muli ndi zodzola ziti kunyumbako? Ngati pofika masana mphumi ndi mphuno zimang'anima, mukufunika mafuta opepuka ndi primer (chodzola choyalira pankhope musanaike zodziphodera zina) yoletsa kung'anima, koma ngati khungu limatuwa mukasamba, primer yomweyo ikuchititsani kuoneka ngati khoma long'aluka. Tiyankheni kaye.

Mayi wa ku Chilomoni:
Ine ndinena zomwe ena akuopa kunena. Nkhope imene imakana zodzola n'kumasungunuka chonchi kawirikawiri ndi nkhope yomwe inaonongeka kale ndi mafuta oyeretsa khungu. Amayi mwanyanya kudzola timachubu tomwe muli betamethasone ndi clobetasol, mankhwala amene adokotala amapereka pa matenda a khungu kwa masiku owerengeka, koma inu mumawathira m'mafuta odzola tsiku lililonse mpaka khungu limapyapyala, timitsempha n'kumaonekera m'masaya. Ku South Africa analetsa hydroquinone, mankhwala oyeretsa khungu, m'zodzoladzola kalekale mu 1990 ataona amayi akuda zigamba zosachoka pankhope, ndipo ku Rwanda boma linachita kulowa m'misika n'kulanda mafuta amenewa. Mng'ono wanga, siyani kaye zimenezo, ndiye mubwere mudzafunse za foundation, chodzola chija chofanana ndi khungu chophimbira nkhope yonse.

Wodzoletsa akwati wa ku Area 25:
Amayi, mwaona pati kuti munthuyu amadziyeretsa? Ine ndadzoletsapo akwati akuda bii amene sanakhudzepo mafuta otero chibadwire, koma mu October thukuta limawatsuka chimodzimodzi akadzola foundation yochindikala pamwamba pa Vaseline. Mafuta ndi amene amasungunula zodzola, ndiye chifukwa chake timachotsera mascara ndi mafuta omwewo.

Bambo wina wa ku Mzuzu:
Pepani amayi kuti ndalowerera za kusiwa, koma ife amuna pempho lathu ndi limodzi lokha, lakuti nkhope ndi khosi zikhale za munthu mmodzi. Chaka chatha pa mwambo wonga womwewu ndinapereka moni kawiri kwa mlamu wanga weniweni, poyamba ngati mlendo, kachiwiri atalankhula nditamuzindikira mawu.

Mayi wa ku Chilomoni:
Bambowa akuseka koma anena zoona, ndi zija timati nkhope ya Fanta miyendo ya Coca-Cola. Ndipo sindinathe. Ena mwa mafuta amenewa muli mercury, chiphe chomwe chimaononga impso ndi ubongo, mwakuti pangano la mayiko la Minamata la mu 2013 poyamba linaika malire a gawo limodzi pa magawo 1,000,000 m'zodzoladzola, koma zogulitsidwa m'mabotolo opanda chizindikiro ndani amaziyeza? Mwana wa achemwali anga anatupa nkhope mwezi wathunthu atasiya mafuta amenewa mwadzidzidzi, ndipo mpaka lero satuluka padzuwa opanda ambulera.

Wojambula zithunzi m'maukwati, Zomba:
Ine ndilankhula ngati amene ndimanenedwa chithunzi chikatuluka molakwika. Phaudala woyera mbee uja amene muli silica wambiri, komanso zodzola zoteteza ku dzuwa zomwe muli zinc oxide kapena titanium dioxide, zimabweza kuwala kwa kamera, ndiye munthu amene pamaso akuoneka bwino amatuluka pachithunzi ngati wagwera m'thumba la ufa woyera, makamaka m'munsi mwa maso. Popeza mwambo wanu ndi wausiku, zoteteza ku dzuwa zisiyeni tsiku limenelo. Mukamaliza kudziphoda, zimitsani nyali m'chipinda, wina akujambuleni ndi foni atayatsa flash, ndipo muchite zimenezi Lachinayi, osati Loweruka galimoto ikulira panja.

Mayi wachikulire wa kumvano:
Mwana wanga, mwamuna amene wakhala nawe zaka 9 akuidziwa nkhope yako m'mawa usanasambe, ndiye ukufuna kumubisira chiyani? Ife tinkapita ku madansi titangosamba bwino, tadzola mafuta, tamanga duku, ndipo mabanja athu alipobe. Ine chondidetsa nkhawa ndi mlamu wakoyo, chifukwa nkhani ya chithunzi ija imafunika ankhoswe, osati phaudala.

Mayi wokhala ku Leeds, ku England:
Amayi akumvano, ndi ulemu wonse, munthu wafunsa za kudziphoda, sanafunse ngati n'koyenera. Asisi, vuto lomwe ambiri timagwa nalo ndi mtundu wa foundation. Kwa zaka zambiri makampani ankapanga mitundu iwiri kapena itatu yokha ya akhungu lakuda, n'chifukwa chake zinamveka dziko lonse pamene kampani ya zodzoladzola ya Fenty Beauty inatulutsa mitundu 40 nthawi imodzi mu 2017. Musamayesere padzanja chifukwa dzanja ndi nkhope zimasiyana. Pakani timizere titatu m'mbali mwa nsagwada, tulukani panja pa kuwala kwa dzuwa, dikirani mphindi 15 popeza zina zimaderako zikauma, ndipo kamzere komwe kasowa pakhungu ndiko kanu. Onaninso ngati kuda kwanu kumapendekera kofiirira kapena kwachikasu, chifukwa mukaphonya pamenepo mumaoneka otuwa ngakhale mutagula yodula.

Mayi wa ku Chilomoni:
Mitundu 40 ya chiyani kwa munthu amene khungu lake likusintha mtundu mwezi uliwonse chifukwa cha mafuta? Inu a ku Leeds zinthu zanuzo kuno zimafika zabodza, botolo lofanana koma m'kati mosadziwika, ndipo zimayalidwa padzuwa tsiku lonse. Ine ndanena, ndipo amene ali ndi makutu wamva.

Mtsikana wa ku Ndirande:
Chilichonse mungachite, musalole munthu akumateni nsidze zoikirira ndi guluu wa mawivi. Ine anandichita zimenezo kusaluni ina pa bridal shower ya mnzanga, ndipo pofika usiku zikope zinali zitatupa ngati ndalumidwa ndi mavu, pochotsa zinazuka ndi nsidze zanga zenizeni, mwakuti ndinakhala miyezi 2 ndikuyenda ndi magalasi akuda ngati woimba. Mwini saluniyo mpaka lero amandipatsa moni ngati palibe chinachitika.

Namwino wa ku Kasungu:
Zimene wakumana nazo mtsikanayu timaziona. Guluu wambiri amakhala ndi latex, utomoni wa mphira, ndipo pali anthu amene thupi lawo limadana naye, choncho chodzola chilichonse chatsopano chiyeseni kaye kuseri kwa khutu n'kudikira masiku 2. Mascara musabwerekane ndi munthu chifukwa ndi njira yachidule yopatsirana matenda a maso, ndipo ikatha miyezi 3 chitsegulireni itayeni, musaithire madzi kapena malovu kuti ifewe. Mukabwerako usiku, ngakhale mutatopa chotani, sambani nkhope musanagone.

Wodzoletsa akwati wa ku Area 25:
Popeza mwini funso ali chete, ndingonena za onse. Sambani nkhope, dzolani mafuta pang'ono, dikirani alowe kwa mphindi 10. Yambani ndi nsidze ndi zikope kuti zoyoyoka muzipukute musanaike foundation. Pa zipsera za ziphuphu ikani kadontho ka corrector (chodzola choziziritsa kuda kwa chipsera) wa mtundu wa lalanje, chifukwa concealer (chobisira zipsera) yowala payokha pa chipsera chakuda imatuwa. Foundation ikhale yochepa, muziisindikiza ndi siponji yonyowa m'malo mopaka ngati mukuzira nyumba, ndipo phaudala aikidwe pamphumi, pamphuno ndi pachibwano pokha. Milomo muzungulize ndi pensulo yabulauni, pakani lipisitiki, sindikizani tishu, pakaninso. Thukuta likabwera kumeneko musapukute ndi mpango, ingogunditsani tishu n'kuchotsa.

Mayi wa ku Chilomoni:
Zonsezo n'zabwino pa khungu lamoyo. Ndikufunsabe, ndipo ayankhe yekha: amadzola mafuta anji?

Wofunsa (membala wobisa dzina):
Zikomo nonse, ndawerenga ngakhale kuti magetsi anazima foni n'kutha moto. Amayi a ku Chilomoni, ine sindinadziyeretsepo, amene amadziyeretsa ndi alamu anga aja, ndipo ngati akuwerenga adziwe kuti ndikudziwa. Telala wayankha tsopano, akuti diresi latsala zipi yokha, koma akufuna ndiwonjezere ndalama. Foundation ndili nayo kale, anandisiyira mkulu wanga wa ku Johannesburg atabwera pa Khirisimasi ya 2022, kungoti iyeyo ndi woyererako kuposa ine ndipo yayamba kulekana, mafuta pamwamba zina pansi. Ndikaigwedeza bwinobwino singagwire ntchito?

Wodzoletsa akwati wa ku Area 25:
Imeneyo itayeni lero lomwe, achemwali. Ndipo ndikufunsanso kachiwiri: khungu lanu limatuluka mafuta kapena ndi louma?