Ndikufuna kutenga amayi pa sitima yopita ku ma fjord a ku Norway, ndithandizeni maganizo

NaPhiri wa ku Leicester
Moni nonse m'gulu muno. Amayi akubwera kuno ku UK chaka chamawa kudzaona adzukulu, ndiye ine ndi achimwene anga tagwirizana zosonkha ndalama kuti tiwakweze sitima zija zonyamukira ku Southampton kupita ku ma fjord a ku Norway (zigwa zazitali zapakati pa mapiri zomwe nyanja inalowamo), za sabata imodzi. Ali ndi zaka 68, bondo limawavuta ndipo amamwa mankhwala a BP, koma kuyenda amakukonda kwambiri. Madzi saopa, Ilala anaikwerapo kangapo pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma.

Chikundizunguza ndi ichi. Ndalama zathu sizingakwane zonse ziwiri, chipinda chokhala ndi khonde loonera panja komanso maulendo akumtunda sitima ikakocheza. Tisankhe chiti? Komanso sitima ina ikudutsa Stavanger, Olden, Hellesylt ndi Haugesund, ina Bergen, Flåm ndi Ålesund, ndipo kwa ine awa ndi mayina chabe. Mwezi wabwino ndi uti? Amayi akuti akufuna akaone kuwala kobiriwira kwa kumwamba kuja anakuona pa TV. Amene munapitako chonde ndiuzeni zoona, osati za m'mabuku otsatsa.

Malume a ku Luton
Achemwali, musanalipire ngakhale paundi imodzi, yambani ndi visa. Simunaitchule n'komwe, pomwe nkhani yagona pamenepo. Norway sili mu EU koma ili mu Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito visa imodzi, ndipo pasipoti ya Malawi imafuna visa ya Schengen. Visa ya UK yomwe amayi abwere nayo siwathandiza kumeneko. Musaganizenso kuti "tingokhala m'sitima osatsika". A sitima amaona mapepala padoko ku Southampton, akapeza kuti mulibe visa sakukwezani, ndalama zanu n'kupsa.

China, munthu amapempha visayi m'dziko lomwe amakhala. Amayi kuno adzakhala mlendo, choncho aikonze ali ku Malawi asananyamuke. Mtengo wake ndi ma euro 90, amafuna inshuwalansi yachipatala yosachepera ma euro 30,000, ndipo pasipoti ikhale ndi miyezi 3 yotsala kuchokera tsiku lotuluka mu Schengen. Mutha kupempha kutatsala miyezi 6. Pemphani yolowa kangapo. Onaninso kuti ya UK ikuwalola kulowanso, chifukwa pobwerera ku Southampton ndiye kuti akulowa m'dziko kachiwiri. Inunso ngati mukadali pa pasipoti ya kwathu, mukufunika yanu.

NaPhiri wa ku Leicester
Malume mwandipulumutsa. Ine ndili pa ya kuno, koma achimwene ayi. Ndawatumizira uthenga pompano.

Mlongo wanu wa ku Bergen
Ndimakhala konkuno, ndiye ndiyankhe za malo. Sankhani sitima poona kuti ikulowa mkati bwanji, osati poona kukula kwake kapena malo odyera. Stavanger, Haugesund ndi Ålesund ndi matauni a m'mphepete mwa nyanja yaikulu, abwino ndithu, koma zija mumaona pa zithunzi, mapiri ataima njo mbali zonse ziwiri madzi ali phee pakati, zili ku Geiranger (kufupi ndi Hellesylt), Olden ndi Flåm. Ulendo wopanda awiri mwa malo amenewa ine sindingaulipire.

Poganizira bondo la amayi, Flåm ndiye pabwino kuposa ponse. Mukatsika sitima, siteshoni ya njanji ili pompo, kuyenda pang'ono chabe. Sitima yapamtundayo imakwera makilomita 20 kuchokera m'mphepete mwa madzi kukafika ku Myrdal, mamita oposa 860 pamwamba, pafupifupi ola limodzi, ndipo imaima pa mathithi a Kjosfossen kuti anthu atsike ajambule. Amayi adzaona zonse ali chikhalire. Kuti mufike ku Flåm mumadutsa mu Sognefjord, yomwe ndi yaitali kuposa onse m'dziko muno, makilomita oposa 200, kuya kwake malo ena kupitirira mamita 1,300. N'chifukwa chake chisitima chachikulu chimatha kulowa mpaka kumapeto osagunda pansi. Madzi oundana ndi amene anakumba zigwazi kalekale, atasungunuka nyanja n'kulowamo.

Ku Olden kuli zinthu ziwiri. Loen Skylift imakukwezani pa chingwe mpaka pa phiri la Hoven, mamita 1,011, m'mphindi zochepa. Kapena Briksdal, komwe kuli madzi oundana, ndipo kuli tigalimoto tonyamula amene sangayende, ngakhale chigawo chomaliza ndi chapansi ndithu. Ku Stavanger asakunamizeni za Preikestolen. Thanthwelo lili mamita 604 pamwamba pa Lysefjord, kupita ndi kubwera ndi makilomita 8 pa miyala, maola ngati 4 kwa munthu wamphamvu. Kwerani boti mukalione muli pansi.

Za kuwala kobiriwira, auzeni amayi mwaulemu kuti ulendo uno sakuona. Kumafuna mdima, ndipo kumaoneka bwino kumpoto kwenikweni ngati ku Tromsø, kuyambira cha mu September mpaka March. Mu June kuno ku Bergen kumawala maola pafupifupi 19.

Bambo a Tadala
Khonde, khonde, khonde. Sitima imalowa mu fjord m'mamawa kwambiri anthu ali mtulo. Munthu wamkulu simungamudzutse 5 koloko kuti akwere masitepe akaime pamphepo pamwamba pa sitima. Ali ndi khonde amangotsegula chitseko atafunda bulangete, tiyi ali m'manja.

Mlongo wanu wa ku Bergen
Bambo a Tadala, pamenepo ndikana. Pakhonde mumaona mbali imodzi yokha. Mathithi a Seven Sisters ku Geiranger akakhala mbali inayo, mudikire pobwerera. Madzulo sitima imatuluka njira yomweyo kukadali kowala, ndipo muli ma lifti ndi zipinda zochezera za mawindo aakulu zomwe simulipira. Ndalama ya khondeyo ikwanira njanji ya ku Flåm ndi Skylift kwa anthu atatu, mwina n'kutsalako.

Bambo a Tadala
Nanga akatopa tsiku lina osafuna kutsika? Azikhala m'chipinda chopanda windo, osadziwa ngati kwacha kapena kwada?

Namwino wa ku Coventry
Pakati pa awiriwa pali njira, chipinda cha windo koma chopanda khonde. Chofunika kwambiri ndi malo ake, chikhale chapakati pa sitima ndiponso chammunsi, poti ndi pomwe sipagwedezeka kwambiri. Mu fjord mulibe mafunde, koma tsiku loyamba ndi lomaliza mumawoloka North Sea, ndipo ikalusa ndi mwera wa pa Ilala womwe uja. Mankhwala a nseru funsani kaye dokotala popeza akumwa a BP. Mankhwala awo akhale m'chikwama cham'manja, chifukwa masutikesi amafika kuchipinda mochedwa. Chipatala cha m'sitima n'cholipira ndipo sichotchipa, ndiye inshuwalansi ikhale yonena za ulendo wapasitima, matenda awo onse mutawatchula.

Funsaninso ngati pali doko lomwe sitima imaima pakati pamadzi anthu n'kumatsikira m'timaboti. Ku Geiranger nthawi zina zimatero, ndipo bondo pamenepo limavutika.

NaPhiri wa ku Leicester
Zikomo nonse, ndikulemba. Nanga mwezi? Ndipo tisinthe ndalama zingati?

Mlongo wanu wa ku Bergen
Kumapeto kwa May kapena mu June. Chipale chimakhala chikusungunuka m'mapiri ndiye mathithi amadzaza, komanso sukulu za ku UK zimakhala zisanatseke, mitengo isanakwere. Mvula yokha musaithawe, kuno imagwa masiku oposa 200 pachaka. Jekete losalowa madzi, juzi ndi nsapato zosaterera. Ndalama ndi krone, osati euro, koma musavutike kusintha, khadi imagwira paliponse ngakhale kuchimbudzi. Zakudya kumtunda n'zodula, idyani m'sitima poti munalipira kale. Mukafika kuno kwerani Fløibanen, kasitima kokwera phiri kokokedwa ndi chingwe, imanyamukira pafupi ndi nyumba zamatabwa za Bryggen.

Malume a ku Luton
Matikiti a njanji ya ku Flåm mukagula nokha amatsika mtengo, koma gulani msanga, amatha. Dziwaninso kuti mukachedwa pa ulendo wokonza nokha sitima siidikira. Foni ya amayi muitseke data mukangochoka padoko, netiweki ya panyanja imadya koopsa, ndipo ndikudziwa adzafuna kuimbira a kumpingo pa WhatsApp.

Mayi a Chisomo
Ine funso langa ndi la nsima. Sabata yathunthu adzapirira?

NaPhiri wa ku Leicester
Kkkk mayi, nkhani imeneyo sindinawauze. Mpunga ndi nsomba zilimo, tiyambira pamenepo. Malume, kalata yosonyeza kuti ndalama zaulendo ndikulipira ndine, ndilembe ndekha kapena pali fomu yake?