Ma eosinophil atsika: ndimusiyitse beclometasone?

Clinician wa ku OPD
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi wodwala mphumu, mayi wa zaka za m'ma 40. Ali pa beclometasone (steroid wopopa woletsa kutupa m'njira za mpweya) ndi salbutamol (wopopa wotsegula chifuwa), koma miyezi itatu yapitayi wabwera kawiri akubanika, ndipo kawiri konse tampatsa prednisolone (steroid wakumwa). Kuyeza magazi (full blood count) kwaonetsa ma eosinophil (mtundu wina wa maselo oyera a m'magazi) 40 okha pa microlitre. Ndimadziwa kuti akakhala otsika chonchi, steroid sathandiza kwenikweni. Kodi ndimusiyitse beclometasone? Zikundiwawa kuona munthu akupopa mankhwala tsiku ndi tsiku koma osapeza bwino.

Wa ku labu
Achimwene, magaziwo munatenga liti? Prednisolone anali atamaliza?

Clinician wa ku OPD
Ayi, linali tsiku lachitatu akumwabe.

Wa ku labu
Ndiye 40 ameneyo musamukhulupirire. Prednisolone amagwetsa ma eosinophil pa maola ochepa chabe, moti mwayeza mphamvu ya mankhwala, osati matenda. Dikirani sabata ziwiri atamaliza, mutengenso. Muyesetse kutenga nthawi yofanana ya tsiku, chifukwa amakwera usiku n'kutsika m'mawa cortisol, steroid wachilengedwe wa m'thupi, akachuluka.

China, onani makina amene anayeza. Ena amagawa maselo oyera patatu basi, ma eosinophil n'kuwaphatikiza ndi monocyte ndi basophil pa gulu limodzi lotchedwa MID. Mukufunika makina ogawa pasanu, apo ayi tipake pa slide tiwerenge ndi maso. Ndipo musamangoyang'ana peresenti. WBC (chiwerengero cha maselo oyera onse) ikakhala 11.0, kutanthauza 11,000 pa microlitre, 3% ndi maselo 330. Ikakhala 4.0, 3% yomweyo ndi 120. Odwala awiriwa si amodzi.

Dokotala wa matenda a m'chifuwa
Anzathu a ku labu anena zoona. Maganizo anuwo ali ndi pochokera, musadziderere. Mu 1958, Harry Morrow Brown analemba mu magazini ya zachipatala ya Lancet kuti odwala amene makhololo awo anali ndi ma eosinophil ndi amene ankachira ndi prednisolone, enawo ayi. Mu 2002 ofufuza a ku Leicester, ku England, anasonyeza kuti kusintha mlingo wa steroid potsatira ma eosinophil a m'makhololo kumachepetsa kubanika koopsa. Vuto ndi loti kuyeza makhololo motere n'kovuta, n'chifukwa chake tonse tinathamangira ku magazi.

Koma magazi ndi chithunzithunzi chabe cha zomwe zikuchitika m'mapapo. Ine ndimawerenga motere: 300 kapena kuposa, ndili ndi chiyembekezo chachikulu kuti steroid agwira, komanso ndikudziwa kuti munthuyo ali pa chiopsezo chobanika ngati sakulandira. Pakati pa 150 ndi 300, mwina. Pansi pa 150, ndimabwereza kuyeza mpaka katatu ndisananene chilichonse, monga momwe GINA (bungwe lopereka malangizo a mphumu padziko lonse) imalangizira.

Mfundo yanga yaikulu ndi iyi: nambala yotsika ingakuletseni kukweza mlingo kapena kubwerezabwereza prednisolone, koma isakuchititseni kuchotsa steroid wopopa. Beclometasone yemweyo amatsitsako ma eosinophil, ndiye kutsikako nthawi zina ndi umboni woti akugwira ntchito. Kuyambira 2019 GINA inasiya kuvomereza salbutamol yekha kwa akuluakulu, ngakhale a mphumu yochepa. Munthu wabanika kawiri pa miyezi itatu, mukamusiya pa salbutamol yekha, tsiku lina adzabwera atanyamulidwa.

Mufunsenso za fodya ndi utsi, muone kulemera kwake. Zimenezi zimafooketsa mphamvu ya steroid.

Namwino wa kiliniki ya mphumu
Pepani kulowerera. Mwamuonapo akupopa pamaso panu? Muuzeni abwere ndi ma inhaler onse awiri. Ambiri amakonda wa buluu (salbutamol) chifukwa chifuwa chimatseguka pompopompo, winayo amati sagwira. Ena amapopa kaye kenako n'kukoka mpweya, mankhwala onse n'kuthera pa lilime. Mupatseni spacer (kabotolo kolumikiza ku inhaler kothandiza kuti mankhwala afike m'mapapo), ndipo azichukucha m'kamwa akamaliza.

Clinician wa ku OPD
Ndabweranso. Tinadikira sabata zitatu, tinayeza pa makina ogawa pasanu: 520. Ndipo achemwali munalasa, beclometasone anali wodzadzabe, ankapopa akabanika basi. Ndikanamuchotsera mankhwala amene anali asanayambe n'komwe kuwapopa moyenera. Tsopano ndikweze mlingo?

Dokotala wa matenda a m'chifuwa
Musakweze. Ayambe wapopa bwino mlingo womwewo, m'mawa ndi madzulo, ndi spacer. Lembani peak flow yake (liwiro limene amatulutsira mpweya) lero, mudzayerekeze pakatha sabata zisanu ndi imodzi mpaka zisanu ndi zitatu, ndipo aziwerenga masiku amene wapopa salbutamol ndi usiku umene wadzuka ndi chifuwa.

Koma 520 asakusangalatseni msanga. Njoka za m'mimba, likodzo, chikanga ndi mankhwala ena zonsezi zimakweza ma eosinophil. Ndimaopa kwambiri strongyloides, mtundu wina wa njoka za m'mimba, chifukwa mukampatsa munthu prednisolone ili m'thupi, ikhoza kufalikira thupi lonse mpaka kupha. Muyezeni musanamupatsenso prednisolone wina. Nambalayo ikadzafika 1,500 osatsika, mutumizeni kwa ife tikafufuze EGPA (matenda otupitsa mitsempha ya magazi) ndi zina.

Wa ku labu
Tumizani chimbudzi ndi mikodzo. Chimbudzi chikhale cha masiku atatu osiyana, chifukwa strongyloides imabisala pa sampulo imodzi. Pa fomu mulembepo tsiku limene anamaliza prednisolone.