Ndikupita ku Rwanda kukagwira ntchito yodzipereka, ndikonzekere bwanji?

Mtsikana wa ku Linga

Ndikupereka moni kwa inu nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ndine wophunzira za umoyo wa anthu m'chaka chachitatu, kwathu ndi ku Linga kuno ku Nkhotakota, ndipo ndasankhidwa kuti m'mwezi wa Malichi ndipite ku Rwanda kwa miyezi itatu, kukathandiza pa ntchito za ukhondo ndi kadyedwe ka ana m'midzi ya m'boma la Karongi, m'mbali mwa nyanja ya Kivu. Pasipoti ndinatenga kale ndipo mtima uli dyokodyoko, koma usiku sindikupeza tulo. Ndege sindinakwerepo, ndipo ulendo wautali umene ndinayendapo ndi wa ku Blantyre basi. Chimene chikundivuta kwambiri ndi funso limene agogo anga anandifunsa tikusenda chinangwa, lakuti kodi anthu a kumeneko alibe ana awo ophunzira kuti mpaka aitane ine? Ndinasowa choyankha. Amene munafikako, ndithandizeni: ndikonzekere bwanji, ndipo ndikawapatsa chiyani anthu amenewa?

Namwino wa ku Dwangwa

Mchemwali wanga, ndinakhalako kwa kanthawi pa maphunziro, ndipo ndikukutsimikizirani kuti mwana wa ku Nkhotakota sangagone ndi njala kumeneko. Nsima ya ufa wa chinangwa, imene ife timati kondowole, iwo amati ubugali. Chigwada chosinja amachitcha isombe, ndipo m'nyanja ya Kivu muli tinsomba totchedwa sambaza timene tidzakukumbutsani usipa wathu. Chimene chidzakudabwitsani ndi mapiri ndi kuzizira, chifukwa mwazolowera kutentha kwa kunyanja kuno, pamene kumeneko kuyambira Malichi mpaka Meyi ndi nyengo ya mvula yambiri. Tengani juzi ndi nsapato zolimba zoyendera m'matope. Katundu wanu musamange m'majumbo, pakuti dzikolo linaletsa majumbo apulasitiki m'chaka cha 2008 ndipo akhoza kukulandani pofika. Magalimoto amayenda mbali ya kumanja, choncho muzisamala powoloka msewu.

Koma nkhani yaikulu ndi iyi. Mudzakhala muli kumeneko pa 7 Epulo, tsiku limene amayamba Kwibuka, nyengo yokumbukira kuphedwa kwa Atutsi miyandamiyanda m'chaka cha 1994. Sabata yoyambayo dziko lonse limakhala ngati lili pa maliro, ndipo inu mukakhale monga mmene mumakhalira pa siwa kwanu kuno: kuvala modzilemekeza, kutsitsa mawu, osajambula anthu mwachisawawa. Kuno n'chizolowezi kufunsana kuti ndinu Mchewa, Mtonga kapena Myao, ndipo palibe amene amakhumudwa, koma kumeneko musadzafunse munthu mtundu wake, ngakhale mutazolowerana naye chotani. Ngati akufuna kukuuzani zimene zinagwera banja lake, adzayamba yekha.

Mphunzitsi wopuma, Benga

Mwana wanga, funso la agogo ako ndi lanzeru, ndipo usalitenge ngati akukugwetsa ulesi. Ana ophunzira ali nawo, ndipo m'midzi mwawo muli alangizi a zaumoyo amene amadziwa khomo lililonse kuposa mmene iwe ungadziwire m'miyezi itatu. Pa zaka zimene ndinaphunzitsa ndinalandirapo achinyamata ambiri ochokera kunja. Amene timawakumbukirabe mpaka lero si aja anabwera ndi nzeru zambiri zotiuza, koma aja anapita nafe kudambo kukaumba njerwa, n'kuphunzira kunena kuti "mwadzuka bwanji" ngakhale lilime likukana. Tsopano mlendo ndiwe. Loweruka lomaliza la mwezi uliwonse amakhala ndi Umuganda, pamene anthu amatseka mashopu m'mawa n'kupita kukalambula misewu, kukumba ngalande kapena kumangira nyumba osowa. Usadzadikire kuitanidwa, udzapemphe khasu, chifukwa dima umalidziwa kuyambira uli wamng'ono.

Wophunzira mnzanu, Chia

Achemwali, yambani lero kuloweza mawu ochepa a Kinyarwanda: "muraho" popereka moni ndi "murakoze" pothokoza. Mudzamva kuti mawu ena, monga "umuntu" ndi "amazi", sali kutali ndi munthu ndi madzi. Nthawi ya ku Kigali ndi yofanana ndi yathu, ndiye kuimba foni kumudzi sikudzavuta.

Mtsikana wa ku Linga

Zikomo kwambiri nonse. Za Kwibuka ndinangowerenga m'mabuku, koma sindinaganize kuti ndidzakhala pakati pa anthu olira, ndipo ndikuthokoza kuti mwandichenjeza nthawi ikadalipo. Madzulo ano ndawafotokozera agogo zimene mwanena, bambo mphunzitsi. Anakhala chete pang'ono, kenaka anati andipatsa chitenje chawo chakuda kuti ndidzavale sabata imeneyo, komanso mpunga wa Faya woti ndikapereke kwa mayi amene adzandisunge. Funso langa latsala limodzi kwa inu anamwino: kodi mpunga wosaphika amalola kulowa nawo pa bwalo la ndege la ku Kigali?